Neba ndiye m'bale wapafupi: zimene tinayankhula kwa Kapondo

Azichemwali, nawa mawu amene tinayankhula pokumana ndi atsikana komanso amayi achichepere kwa Kapondo, m'boma la Mchinji. Tawaika momwe tinawayankhulira. Ndi aatali ndithu, koma werengani mpaka kumapeto, mukatha mutumizireko neba wanu.

Zikomo mafumu athu, zikomo amayi akuluakulu potilandira. Zikomo inu nonse asisi ndi achemwali amene mwatseka geni lero, ena mwasiya ana kwa agogo awo, kuti tidzakhale pansi limodzi.

Tiyambe ndi kafunso. Musayankhe mokweza, ingoyankhani mumtima. Mayi amene amagona kuseri kwa khoma la chipinda chanu, dzina lake ndani? Sitikunena zoti "make Junior" kapena "aja a mandasi aja", tikunena dzina lake lenileni. Kwawo n'kuti? Nambala yake muli nayo mufoni? Atati wakomoka usiku wa lero, mungaimbire ndani wa kwawo? Ndiye funsolo litembenuzeni: inuyo mutakomoka, iyeyo angaimbire ndani?

Ambirife pa Facebook tili ndi anzathu mazanamazana. Timadziwa zimene wadya munthu amene ali ku Johannesburg, timadziwa diresi limene wavala wa ku London. Koma munthu amene timatunga naye madzi pa mpopi umodzi timangoti "mwadzuka" n'kudutsa. Nkhani yathu lero ndi imodzi basi. Tsiku la mavuto, munthu woyamba kufika pakhomo panu ndi neba. Wapolisi amabwera pambuyo, m'bale amafika mawa lake, ambulansi mwina osafika n'komwe. Ndipo kumalo kumene anthu anachokera kosiyanasiyana, unebawo subwera wokha. Timachita kuumanga, dala, mavuto asanagwe.

Nkhaniyi tasankha kuikambira kuno pa chifukwa. Mchinji ndi boma la m'malire, kumadzulo kuli Zambia, kummwera kuli Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma lino. Muli Achewa, muli Angoni, muli Ansenga. Muli ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ku Machinga kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya, n'kukhazikika konkuno. Muli aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amene boma linawatumiza kuchokera kutali, wina ku Karonga, wina ku Nsanje. Ikafika nyengo yokolola, mumadzaza mavenda ndi masikelo awo kudzagula mtedza ndi soya. Muli akazi a ku Chipata amene anakwatiwa kuno, ndipo ana akuno enanso anakwatiwa ku Chipata. Malirewa anajambula ndi atsamunda, omwe aja anatcha Mchinji kuti Fort Manning, Chipata n'kuitcha Fort Jameson, ndipo mzere wawowo unadutsa pakati pa mabanja. Mpaka lero Achewa akuno amawoloka mu Ogasiti kupita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete. Angoni nawo mu Febuluwale amapita ku Ncwala kwa Mpezeni ku Mtenguleni. Ndiye zokhala ndi munthu wa chiyankhulo china, wa mpingo wina, wa dziko lina, anthu akuno simunayambe dzulo.

Asisi amene mwachokera m'tauni, moyo umenewu mukuudziwa bwino. Pitani ku Area 25, ku Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Kawale. Pitani ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani, kapena ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa ku Mzuzu. Mupeza mdadada wa nyumba za lendi, zitseko zisanu ndi chimodzi, mpopi umodzi, bafa limodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Chitseko choyamba akuyankhula Chitumbuka, chachiwiri Chiyao, chachitatu Chisena, chachinayi Chiswahili. Wina amapemphera Lachisanu, wina Loweruka, wina Lamulungu. Pamisika ya kuno ku Mchinji zilinso chimodzimodzi, kungoti nyumba zake n'zochepa. Tonse tikukhala pakati pa anthu amene si abale athu.

Tsono taganizani chimene mkazi amataya akasamukira malo otere. Pa mwambo wa Achewa wa chikamwini, mwamuna ndiye amabwera kumudzi kwa mkazi. Mkaziyo amakhala atazunguliridwa ndi amayi ake, azichemwali ake, azakhali, ndipo mwinimbumba, amene ndi malume kapena mlongo wake, amakhala pafupi. Ankhoswe amadziwika. Sitikunena kuti kumudzi kulibe nkhanza, zilipo zambiri, ndipo ankhoswe ena ndi omwe amamuuza mkazi kuti "pirira, banja n'kupirira". Koma kumudzi kumakhala munthu woti ali ndi ufulu wogogoda pachitseko n'kufunsa kuti kwagwanji. M'nyumba ya lendi, malume ali kutali, thiransipoti yokha yobwerera ndi ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Ufulu wogogoda uja watsala m'manja mwa ndani? Mwa neba. Neba akapanda kuutola, palibe amautola.

Mwina wina akuti, aaa, izi ndi nkhani zongosangalatsana, kudziwana ndi neba kungasinthe chiyani? Umboni wake uli konkuno ku Mchinji. Amayi ena muli pano mukukumbukira ntchito ya MaiMwana. Akatswiri a kuno kwathu, mogwirizana ndi a ku University College London, anagawa bomali m'madera 48, okhala ndi anthu pafupifupi 186,000. M'madera ena anayambitsa magulu a amayi, m'madera ena ayi, kuti athe kuyerekeza. Magulu amenewa sankalandira ndalama zogawana. Amayi a m'dera limodzi ankakumana, n'kukambirana kuti chimene chikupha amayi apakati ndi makanda kwathu kuno n'chiyani, tingachitepo chiyani, tichite, kenako tione ngati zathandiza. Ena anapeza njinga zonyamulira odwala, ena anayamba madimba a ndiwo zamasamba, ena anaonetsetsa kuti woyembekezera aliyense akugona m'masikito. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala yotchedwa The Lancet. M'madera amene munali magulu a amayi okhaokha, opanda alangizi oyenda khomo ndi khomo, imfa za uchembere zinatsika ndi 74 pa 100 alionse, ndipo imfa za makanda ongobadwa kumene zinatsika ndi 41 pa 100 alionse. Mu 2014 bungwe la World Health Organization linalimbikitsa maiko kugwiritsa ntchito njira imeneyi ya magulu a amayi, makamaka kumidzi kumene chipatala chili kutali, potengera umboni wa kuno komanso wa ku maiko ngati Nepal, India ndi Bangladesh.

Mwamva eti? Amayi oyandikana nyumba kungoyamba kukumana, kudziwana, kudziwa kuti uje ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu ndipo mwamuna wake ali ku Joni, miyoyo inapulumuka. Zimenezi zinachitika pa dothi lino lomwe takhalapoli.

Tsopano tikambe za zitseko zitatu zimene neba amazidutsa tsiku lililonse.

Chitseko choyamba ndi cha nyumba imene mumamveka kulira usiku. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 34 anamenyedwapo kapena kupwetekedwa chikwanitsireni zaka 15. Ndipo mwa amene anachitiridwa nkhanza, pafupifupi theka sanapemphe thandizo ndipo sanauze munthu aliyense. Koma makoma a nyumba za lendi mukuwadziwa. Mwina mkaziyo sanauze munthu, koma anthu anamva. Anamva mbale zikusweka, anamva mwana akukuwa, m'mawa anaona diso lotupa pa mpopi, n'kuyang'ana kumbali. Timati za m'banja sitilowerera.

Lamulo la dziko lino silitero. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola munthu aliyense amene waona nkhanza, kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti zikuchitika, kukanena kupolisi. Khoti likhoza kupereka chikalata choletsa wankhanzayo kumuyandikira mkaziyo. Likhozanso kulamula kuti wochitiridwa nkhanza ndiye atsale m'nyumba, ngakhale ikhale ya lendi, wankhanzayo atuluke. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Pafoni pali nambala yaulere ya 5600 ya nkhanza zochitira amayi, ndi 116 ya nkhani za ana. Ndipo ngati munthu wagwiriridwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Mkazi amene wangomenyedwa kumene kapena kugwiriridwa nthawi zambiri mutu umakhala wasokonezeka, foni amulanda, ndalama ya kabaza alibe. Amene angakumbukire za maola 72, amene angamuperekeze, amene angatsale ndi ana, ndi neba.

Sitikuti mudzilowetse m'moto. Ngati muli mpeni kapena chikwanje, musalowe nokha, itanani anthu, imbirani apolisi kapena achitetezo cha m'dera. Koma nthawi zambiri kugogoda kokha kumasintha zinthu. Ku India mu 2008 bungwe la Breakthrough linayambitsa kampeni yotchedwa Bell Bajao, kutanthauza kuti liza belu. Ankalimbikitsa abambo ndi anyamata kuti akamva nkhanza kwa neba, apite akalize belu la pakhomo, afunse chilichonse, kaya nthawi, kaya kapu ya mkaka. Ife mabelu tilibe, koma mchere tili nawo wopempha. Mugogode awiri kapena atatu, muti "odi, tabwera kudzapemphako machesi". Womenyayo amadziwa kuti anthu amva. Womenyedwayo amadziwa kuti sali yekha. Mawa lake mumupeze payekha, mumufunse chimene iyeyo akufuna, osamukalipira kuti bwanji sukuchoka.

Chitseko chachiwiri ndi cha mtsikana amene wasowa mwadzidzidzi. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, makolo sangamulole kukwatiwa. Koma lamulo lili ku Lilongwe, silingaone kuti yunifomu ya mwana wa Sitandade 7 yasiya kuyanikidwa pachingwe. Amene amaona ndi neba. Kuno kumalire nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Munthu amabwera ndi mawu okoma, akuti kuli ntchito ya m'nyumba ku Chipata kapena ku Lusaka, kuli ntchito ya kumunda, malipiro ake abwino, thiransipoti ndilipira ndine. Njira zachidule zowolokera n'zambiri, mwana amadutsa popanda chikalata chilichonse, ndipo akakafika uko alibe wodandaulira. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limapereka zaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu, ndi zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Koma mlandu umayamba ndi munthu mmodzi amene wafunsa kuti, kodi mwana uja ali kuti, wapita ndi ndani, nambala ya kumene wapitako ilipo?

Asisi a m'tauni musaganize kuti izi n'zakumudzi. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Oposa 50 anabwerera kwathu, ndipo chimene chinayambitsa kuwapulumutsa ndi gulupu ya WhatsApp imene mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America anatsegula kuti azipezana. Foni ikagwiritsidwa ntchito motero, imachita ntchito ya neba. Koma zikanakhala bwino kwambiri pakanapezeka munthu wofunsa mafunso iwo asanakwere ndege.

Chitseko chachitatu n'chovuta kuchikamba chifukwa nthawi zina ndi chathu chomwe. Ndi cha kamtsikana kantchito. Timapita kumudzi, timakatenga mwana wa zaka 12 kapena 13, timati tikamuphunzitsa sukulu. Akafika m'tauni, iye ndiye woyamba kudzuka, womaliza kugona, ana a m'nyumbamo akupita kusukulu iye akuchapa matewera. Dzina lake pamdadada palibe amalidziwa, amangoti "antchito a kwa uje". Ameneyunso ndi neba wathu. Mumupatse moni ndi dzina lake. Mumufunse kuti kwanu n'kuti, unalekeza kalasi yanji, amayi ako unayankhula nawo liti. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ngati mwanayo ali m'nyumba mwathu, funso limenelo tidzifunse tokha.

Ndiye n'chiyani chimatilepheretsa? Maina amene timapatsana. Uyu ndi wobwera. Uyu ndi Mtumbuka, amadzimva. Uyu ndi Mlomwe, ndi wa chipani chakuti. Uyu ndi Msilamu, uyu ndi wa gule, uyu ndi wa pente. Ndipo dzina lopweteka kwambiri timapatsana tokhatokha akazi. Mtsikana akakhala yekha pa lendi, alibe mwamuna, amabwera usiku kuchokera kuntchito, pasanathe mwezi watchedwa kale hule, amayi apabanja achenjezana kuti samalani amuna anu. Iyenso amawayang'ana amayiwo n'kumati awa ndi osaphunzira, ntchito miseche. Mapeto ake aliyense ali yekhayekha. Landilodi akamamugogodera mtsikanayo usiku kuti lendi tikambirane mwanjira ina, alibe womuuza. Mayi wapabanja uja akamamenyedwa, amene ali maso nthawi imeneyo, amene ali ndi mayunitsi ndi nambala ya wakabaza, ndi mtsikana yemwe uja anamunenayo.

Maina amenewa akakula amapha. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ena chifukwa chongoti sankadziwika m'deralo. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira ufiti. Pamene khamu likuthamangira munthu, chimene chingamupulumutse ndi mawu a munthu mmodzi wa pomwepo wonena kuti, "ayi, uyu ndikumudziwa, amakhala apa." Mawu amenewo sungawanene za munthu amene sunamupatsepo moni.

Mu Meyi 2023 apolisi anayamba kugwira anthu othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita mabizinesi m'matauni, ambiri ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo. Ku Lilongwe mazanamazana, amayi ndi ana omwe, anayamba asungidwa kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, ku Dowa, kumsasa umene unakonzedwera anthu osaposa 12,000 koma ukusunga oposa 50,000. Za malamulo a othawa kwawo tikhoza kutsutsana tsiku lina. Lero tikungofunsa za uneba. Mayi amene ankatikongoza shuga pa okala yake, amene ana ake ankasewera ndi athu n'kumayankhula Chichewa kuposa ife, tinamufunsako kuti ali bwanji? Kapena tinangoti "Maburundi apita"? Tisaiwale kuti ifenso tili ndi abale amene ndi obwera kwinakwake. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene anthu a ku South Africa anaukira alendo, boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi. Mabanja ambiri amene ali pano ali ndi mlongo kapena chemwali ku Joni, ndipo timapemphera kuti neba wake kumeneko akhale munthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo dziko lino mbiri yake yolandira alendo ilipo. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malawi anasunga anthu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo osati m'misasa koma m'midzi ya m'malire, pakati pa anthu. Agogo athu anagawana nawo zitsime, nkhuni ndi malo, pomwe iwo eni analibe zambiri. Ife tili ndi mafoni, tili ndi sukulu, tikanike kudziwa zitseko zisanu zokha?

Tikudziwa chimene ena mukunena mumtima. Mukuti, inu simukuwadziwa maneba athu. Ukangomutsegulira chitseko, mawa nkhani zako zili pa mjigo. Wabwereka mbaula, wabwereka chaja, wabwereka ndalama, kubweza ayi. Zoona zimenezo, ndipo mtsikana amene anasamukira m'tauni kuthawa maso a anthu a kumudzi ali ndi chifukwa chomveka chotsekera chitseko chake. Ndiye tisiyanitse zinthu ziwiri. Kusamalana n'kwina, kulondalonda n'kwina. Wolondalonda amafuna adziwe amene walowa kwanu usiku kuti akauze ena. Wosamala amafuna adziwe ngati mwafika bwino. Wolondalonda amanyamula nkhani yanu kupita nayo kwa anthu. Wosamala amabwera nayo kwa inu mwini, n'kuisiya pomwepo. Kukhala neba wabwino sikutanthauza kuti mukhale mabwenzi apamtima, kapena muziuzana zinsinsi zonse. Mukhoza kukana kubwereketsa ndalama, mwaulemu, n'kukhalabe munthu amene angagogode usiku mwana akatentha thupi.

Pa nkhani ya ndalama pomwepa, banki m'khonde ndi chipereganyu zamanga uneba m'madera ambiri, ndipo zalipirira ana fizi, zagulira anthu malata. Koma tonse tikudziwanso magulu amene anatha ndi kulandana ziwiya, maneba osayankhulana mpaka lero. Chimene chimasiyanitsa ndi malamulo. Alembedwe poyera, ndalama ziwerengedwe pamaso pa onse, munthu asakongole zoposa mphamvu zake, ndipo pakhale kathumba kapadera ka matenda ndi maliro komwe sikabwereketsedwa pa geni. Gulu likamakumana, ndalama zikatha kuwerengedwa, patsale mphindi khumi zofunsana kuti pakhomo zili bwanji.

Chinanso tinene mosabisa. Ntchito ya uneba isagwere akazi okha. Pamaliro, amene amatunga madzi, kuphika, kugona pasiwa masiku awiri geni itatsekedwa, ndi amayi. Kudikirira wodwala kuchipatala, amayi. Abambo ndi anyamata amene mwabwera, ndi inu mafumu athu, tikukupemphani mbali yanu. Mwamuna mnzanu akamamenya mkazi, mawu anu amawamva kuposa athu. Mukamakhala pa bawo kapena poonera mpira, mumuuze kuti zimene ukuchitazi tikumva ndipo sitikugwirizana nazo. Mafumu ndi atsogoleri a m'madera a m'tauni, mkazi wobwera, wopanda m'bale pamudzi, akabwera ndi dandaulo, mumumvere ngati mwana wa pamudzi pomwepo, ndipo mlandu wogwiririra kapena kuvulaza munthu upite kupolisi, usathere pa nkhuku kapena mbuzi.

Tsono tichite chiyani tikachoka pano? Zinthu zake n'zazing'ono, zosafuna bajeti.

Sabata ino, dziwani maina a anthu a zitseko zitatu zoyandikana nanu, ndipo yambani ndi amene mumamuona ngati wosiyana nanu kwambiri. Patsanani manambala, ndipo aliyense apereke nambala ya m'bale mmodzi woti aimbiridwe zinthu zikavuta. Phunzirani moni wa m'chiyankhulo chake. "Muli uli" kwa Mtumbuka, "ali uli" kwa Myao, "habari" kwa woyankhula Chiswahili. Muona momwe nkhope yake isinthire.

Munthu watsopano akalowa pamdadada kapena pamudzi, wina apite tsiku loyamba lomwelo akamuuze kumene kuli mjigo kapena kiyosiki ya madzi, chigayo, sikelo ya ana, ndi njira imene si yabwino kuyenda usiku. Mlendo uja amadza ndi kalumo kakuthwa, mwina ndi namwino, mwina ndi telala, mwina ndiye adzaphunzitse mwana wanu masamu.

Ngati pali mnzanu amene akukhala mwamantha, gwirizanani chizindikiro chimene awiri nokha mukuchidziwa. Kaya kugogoda khoma katatu, kaya kufulasha kawiri, kaya kutuma mwana kudzapempha chinthu chakutichakuti. Mumusungireko chiphaso chake cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana ndi kandalama pang'ono, ngati iye wafuna.

Dziwani amene ali woyembekezera, amene ndi wokalamba wokhala yekha, amene ali ndi ulumali, ndipo mukhale ndi nambala ya wanjinga yamoto mmodzi wodalirika amene amayankha foni usiku. Mukatsegula gulupu ya WhatsApp ya pamalo panu, ikhale ndi lamulo limodzi lolimba: zithunzi za anthu ndi mphekesera zosatsimikizika ayi. Ndipo amene alibe foni yaikulu asatsalire, wina azimufikitsira uthenga pakamwa.

Sungani 5600 ndi 116 mufoni lero lomwe, musanatuluke muno. Tulutsani mafoni, tikudikirani.

Azichemwali, timakamba kwambiri za ufulu wa amayi, ndipo malamulo abwino tili nawo, a 2006, a 2013 a kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, a 2015, a 2017. Anthu anavutika kuti malamulo amenewa akhalepo. Koma kuti lamulo lifike kwa mkazi amene watsekeredwa m'chipinda, pamafunika munthu wolinyamula kuchoka m'buku kufika pakhomo pake, ndipo kawirikawiri munthu ameneyo amakhala wa chitseko chotsatira. Amayi a MaiMwana anatisonyeza kale kuti zimatheka, konkuno ku Mchinji. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Tisanabalalike, tembenukirani kwa munthu amene simukumudziwa amene wakhala pafupi nanu. Mumufunse dzina, mumufunse kwawo. Mukafika kunyumba madzulo ano, mukachitenso chimodzimodzi kuseri kwa khoma lija.